Ola limodzi la Mfumu George: kumene kunachokera chining'a cha "read the riot act"

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, lero ndatenga chining'a cha Chingerezi chimene sichisowa m'nyuzipepala ndi pa wailesi, makamaka pa nkhani za mpira ndi za ndale: "to read someone the riot act". Ife akumalire timachimva pa mawailesi a ku Malawi ndi ku Zambia. Timu ikapita kopuma itachinyidwa kale zigoli zitatu, mawa lake mtolankhani amalemba kuti kochi "read the riot act" kwa anyamata ake. Mwana wathu, amene m'mutu mwake muli kale Chinyanja ndi Chipwitikizi, akatsegula dikishonale amapeza kuti "read" ndi kuwerenga, "riot" ndi chipolowe, "act" ndi lamulo. Akaziphatikiza amapeza "kuwerenga lamulo la chipolowe", n'kungoti kakasi. Kodi m'chipinda chovalira munabuka chipolowe? Nanga kochiyo amayenda ndi buku la malamulo m'thumba?

Palibe chimene kochiyo anawerenga. Masiku ano chining'achi chimatanthauza kudzudzula munthu mwamphamvu, n'kumuchenjeza kuti akapanda kuleka zimene akuchitazo aona zakuda. Kawirikawiri ana amangouzidwa theka loyambalo, kuti ndi "kukalipira", kapena "passar um raspanete" pa Chipwitikizi. Ine ndimaona kuti pamenepo fupa lenileni la mawuwa limatayika, ndilo chenjezo, ndi mpata umene wochenjezedwayo wapatsidwa kuti abwerere. Mbali imeneyi imaoneka bwino tikapita kumene mawuwa anabadwira, chifukwa lamulo lotchedwa Riot Act linalipodi, linkawerengedwadi mokweza pamaso pa anthu, ndipo anthu ankafa nalo.

Nkhani yake ikuyambira pa maliro. Pa 1 Ogasiti 1714 Mfumukazi Anne ya ku Britain inamwalira, ana ake onse atatsogola kale. Abale apafupi analipo ambiri, kuphatikizapo mlongo wake wa mayi wina, James Stuart, amene ankakhala kunja kwa dziko. Koma abalewo anali Akatolika, ndipo lamulo la mu 1701 linali litaletsa Mkatolika aliyense kulowa ufumu. Choncho mpando unalumpha anthu oposa 50 n'kukagwera George, wolamulira dera la Hanover ku Germany, bambo wa zaka 54 amene Chingerezi chake chinali choperewera.

Zipani zinali ziwiri. A Whig anamulandira George ndi manja awiri. A Tory ambiri anali anthu olimbikira za Mpingo wa England, okayikira mfumu yachilendoyi, ndiponso osakondwa ndi Akhristu a mipingo ina ya Chipulotesitanti, monga a Presbyterian, amene ankapemphera m'nyumba zawozawo ndipo pa ndale ankatsamira kwa a Whig. Tsiku lolonga George ufumu, pa 20 Okutobala 1714, m'matauni oposa 20 munabuka zipolowe. Chaka chotsatira a Whig atapambana zisankho n'kuyamba kuchotsa a Tory m'maudindo, moto unakula. Kuyambira mu Meyi mpaka Julayi 1715 magulu a anthu ankagumula ndi kutentha nyumba zopempherera za mipingo ija ku Oxford, ku Manchester ndi m'chigawo cha Staffordshire. Ngakhale masiku ake ankachita kusankha: 28 Meyi, tsiku lobadwa George, kuti amunyoze, kapena 10 Juni, tsiku lobadwa James, kuti amutamande.

Boma linali ndi zida ziwiri zokha, ndipo zonse sizinkagwira bwino. Kuchita chipolowe unali mlandu waung'ono, wa chindapusa kapena ndende. Likafuna chilango chachikulu, boma linkayenera kuimba anthuwo mlandu woukira mfumu, umene unali wovuta kuutsimikizira pa munthu wamba amene wangogumula khoma la tchalitchi. Aphungu anafuna chida chapafupi ndiponso choopsa. Anavomereza lamulo latsopano mu Julayi 1715, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 1 Ogasiti, George atangokwanitsa chaka pampando. Mukaona mabuku akulitchula kuti ndi la mu 1714 musadabwe. Nthawi imeneyo chaka ku England chinkayamba pa 25 Malichi, ndipo lamulo linkatenga chaka cha tsiku limene aphungu anayamba kukumana. Iwo anali atayamba pa 17 Malichi, kutatsala sabata imodzi kuti chaka chakalecho chithe.

Kayendetsedwe kake kanali kotere. Anthu 12 kapena kuposerapo akasonkhana mosokoneza mtendere, majisitireti, meya kapena mkulu wina wa boma ankayenera kupita pakati pawo, kapena kuwayandikira mmene angathere popanda kuika moyo wake pachiswe. Akafika ankalamula kuti pakhale bata, kenako ndi mawu okweza ankawerenga chilengezo. Sankawerenga lamulo lonse ayi, koma kandime kakafupi kamene kanali mkati mwake, ka mizere yochepa chabe. Kandimeko kankanena m'dzina la mfumu kuti onse osonkhanawo abalalike nthawi yomweyo, abwerere mwamtendere kunyumba kwawo kapena ku ntchito zawo, apo ayi akumana ndi zilango za m'lamulolo, ndipo kankatha ndi mawu opempha Mulungu kuti asunge mfumu. Wowerengayo akangotseka pakamwa, wotchi inkayamba kuyenda. Ola limodzi likatha, anthu 12 kapena kuposerapo adakali pomwepo, aliyense wa iwo anali ndi mlandu wonyongedwa nawo, ngakhale sanaponye mwala kapena kuswa zenera. Mlandu wake unali kukhalapo basi.

Panalinso mfundo zina zolimbitsa dzanja la boma. Wapolisi, msilikali kapena munthu wamba wothandiza kubalalitsa khamulo akapha kapena kuvulaza wokanirira, lamulo linkamuteteza kuti asaimbidwe mlandu. Wotsekereza majisitireti kuti asawerenge nayenso anali ndi mlandu wa imfa, chimodzimodzi woyamba kugumula tchalitchi kapena nyumba ya munthu pa chipolowe. Mbali ya anthu wamba inali yochepa, koma inalipo: mlandu unkayenera kuyambika miyezi 12 isanathe, ndipo koposa zonse panali ola lija. Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma apa boma linadzimanga lokha kuti chilango chake chiziyamba chaimba ng'oma.

Popeza moyo wa munthu unkadalira mawu owerengedwawo, makhoti ankawasamala kwambiri. Mu 1830 ku England mlandu wa anthu ena unagwa chifukwa chakuti wowerenga chilengezo anasiya mawu omalizira aja, opempherera mfumu. Woweruza anati chilengezo chodukiza si chilengezo. Aphunzitsi amene mumachotsera ana malikisi chifukwa chodumpha mzere powerenga, muli ndi mnzanu pamenepo.

Koma lamulo la pa pepala ndi lamulo la mumsewu sizifanana, ndipo mbiri yonse ya Riot Act ndi mikangano pa mafunso awiri: kodi anthuwo anamva, ndipo kodi ola lija analipatsidwa?

Poyamba vuto linali lakuti aliyense, kuphatikizapo asilikali, anayamba kukhulupirira kuti palibe chimene angachite chilengezo chisanawerengedwe ndi ola lisanathe. Mantha awo anali ndi chifukwa. Mu 1768 asilikali anawombera anthu amene anasonkhana pa St George's Fields ku London kudzaonetsa kuti ali kumbali ya John Wilkes, wandale amene anali m'ndende, ndipo majisitireti amene analamula kuwomberako, Samuel Gillam, anaimbidwa mlandu wakupha, ngakhale kuti anamasulidwa. Zotsatira zake zinaoneka mu Juni 1780. Lord George Gordon anatsogolera chikhamu cha anthu kukapereka dandaulo ku Nyumba ya Malamulo, kukana lamulo la mu 1778 limene linapeputsa ziletso zina kwa Akatolika. Ulendowo unasanduka chipolowe cha pafupifupi sabata yathunthu. Matchalitchi ndi nyumba za Akatolika zinatenthedwa, ndende ya Newgate inaswedwa akaidi n'kutuluka. Asilikali analipo, mfuti zili m'manja, koma ankangoyang'ana, chifukwa mamajisitireti ambiri ankaopa kuwerenga chilengezo kuti mwina usiku womwewo nyumba zawo n'kupsa. Pa 7 Juni Mfumu George III inalamula asilikali kuti asadikirenso majisitireti. Anthu oposa 200 anawomberedwa m'misewu, ndipo pambuyo pake meya wa London, Brackley Kennett, anatengeredwa kukhoti chifukwa cholephera udindo wake.

Apa m'pamene akatswiri a malamulo, motsogozedwa ndi woweruza wamkulu Lord Mansfield, amene nyumba yake inali itatenthedwanso pa zipolowezo, anafotokoza poyera kuti ola lija silinali chishango cha khamu. Gulu likayamba kutentha nyumba kapena kuvulaza anthu, boma linali ndi mphamvu yolithira dzanja nthawi yomweyo. Ntchito ya ola inali imodzi yokha, kusandutsa kungokhalapo kukhala mlandu wa imfa. Kunena zoona kufotokozaku kunali kolondola pa malamulo, koma kunatsegula khomo lina, lakuti wolamula asilikali azidziweruzira yekha ngati ola n'lofunika kapena ayi.

Khomo limeneli linaoneka kukula kwake ku Manchester pa 16 Ogasiti 1819. Manchester unali mzinda wa mafakitale a nsalu, wodzaza anthu, koma unalibe phungu wakewake ku Nyumba ya Malamulo, pamene timidzi tina ta anthu owerengeka tinali ndi aphungu awiriawiri. Mkate unali utakwera mtengo, malipiro a owomba nsalu atatsika. Tsikulo, Lolemba, anthu pafupifupi 60,000 anasonkhana pa bwalo la St Peter's Field kudzamvera Henry Hunt akulankhula za kusintha kavotedwe. Anachokera m'matauni ozungulira, akuyenda m'mizere, atavala zovala zawo za Lamlungu, amayi ndi ana ali pomwepo, dala kuti aonetse kuti sanabwerere ndewu.

Mamajisitireti ankaonerera ali m'nyumba ina m'mphepete mwa bwalolo. Hunt atangoyamba kulankhula, iwo analamula kuti amangidwe, n'kutumiza asilikali a pa akavalo kuti akathandize apolisi. Oyamba kulowa anali a gulu lodzipereka la m'tauni momwemo, eni masitolo ndi amalonda osazolowera ntchitoyi. Akavalo atapanikizika m'khamu, iwo anayamba kutema anthu ndi malupanga. Kenako analowa asilikali enieni. Pa mphindi zosapitirira 15 bwalo linali litayera, patangotsala zipewa, nsapato ndi anthu ogona pansi. Anafa anthu pafupifupi 18, ovulala anali mazanamazana. Woyamba kufa anali mwana wa zaka 2, William Fildes, amene anagwa m'manja mwa mayi ake atagundidwa ndi kavalo wothamangira ku bwaloko. Atolankhani anapatsa tsikuli dzina lonyoza lakuti Peterloo, kufanizira ndi nkhondo ya Waterloo ya mu 1815, ngati kunena kuti ngwazi zimene zinagonjetsa Napoleon tsopano zagonjetsa amayi ndi ana.

Nanga chilengezo? Mamajisitireti anaumirira kuti chinawerengedwa. Anati mmodzi wa iwo, mbusa Charles Ethelston, anachiwerenga atasuzumira pa zenera la nyumba ija. Taganizirani mawu a munthu mmodzi, wopanda chimkuzamawu, pa zenera la m'mphepete mwa bwalo la anthu 60,000. Mboni zambiri zinati sizinamve kanthu. Ndipo ngakhale titavomereza kuti anawerengadi, ola silinathe, silinayandikire n'komwe. Palibe majisitireti amene analangidwa. Anachita kulandira kalata yowathokoza yochokera kwa kalonga amene ankalamulira m'malo mwa mfumu, pamene Hunt anagamulidwa kukakhala kundende zaka ziwiri ndi theka.

Chimene chimandidabwitsa ine n'chakuti chaka chomwecho cha 1819 ndicho chimene timapezamo chimodzi mwa zitsanzo zakale kwambiri za mawuwa akugwiritsidwa ntchito ngati nthabwala. M'kalata ina ya chaka chimenecho, wolemba akusimba za mayi amene wathamangira kuchipinda cha ana kukawawerengera "riot act". Ana akusokosera, mayi akulowa ngati majisitireti, n'kulamula bata m'dzina la mfumu. Nthabwalayi inkakoma chifukwa aliyense ankadziwa chinthu chenichenicho, ndipo kukoma kwake kunali pa kusiyana kwa kukula: lamulo lonyonga anthu kulibweretsa pa ana okana kugona. Mpaka lero chining'achi chili ndi kafungo kameneka ka kukokomeza. Mngerezi akamati mkazi wake anamuwerengera "riot act" chifukwa chofika usiku, amanena akumwetulira pang'ono.

Lamulo lenilenilo linapitirira kukhalapo, mano ake akuguluka pang'onopang'ono. Mu 1837 chilango cha imfa chinachotsedwa, m'malo mwake wolakwa ankatumizidwa kutsidya kwa nyanja moyo wake wonse, kumene nthawi imeneyo kunali ku Australia. Koma mafunso awiri aja sanathe, ndipo loyamba lija, lakuti kodi anamva, linali ndi mbali ina imene ife ophunzitsa m'zinenero ziwiri tingaizindikire msanga. Chilengezocho chinalembedwa m'Chingerezi, pamene si onse a ku Britain amene ankalankhula Chingerezi. Mu Januwale 1888, pa chilumba cha Lewis ku Scotland, alimi osowa minda analowa pa famu ya Aignish kuti athamangitse ziweto za mwini famuyo, n'kukumana ndi apolisi ndi asilikali. Anthu a pa chilumbachi chinenero chawo ndi Chigaeliki. Mkulu wa boma, Sheriff Fraser, anawerenga chilengezo pa Chingerezi monga mwa lamulo, koma anachiperekanso m'Chigaeliki. Anthu angapo anamangidwa, koma tsikulo palibe amene anaphedwa.

Ku Llanelli, m'dziko la Wales, zinatha mwina. Pa 19 Ogasiti 1911, pa sitalaka ya ogwira ntchito za njanji, khamu linaimitsa sitima, ena n'kumagenda asilikali. Chilengezo chinawerengedwa, koma mkulu wa asilikali anapereka mphindi imodzi yokha. Anawombera, n'kupha anyamata awiri, John John ndi Leonard Worsell, amene anali kuseri kwa nyumba yoyang'anizana ndi njanjiyo. Ku Glasgow pa 31 Januwale 1919, pa sitalaka yofuna kuti sabata ya ntchito ikhale ya maola 40, mkulu wa boma anayamba kuwerenga pa bwalo la George Square, wina n'kumutsomphola pepalalo m'manja. Mu Ogasiti chaka chomwecho chinawerengedwanso ku Birkenhead, apolisi enieniwo atanyanyala ntchito, ndipo kumeneku kunali kumodzi mwa kuwerenga komalizira ku England. Lamuloli linafafanizidwa ku England ndi Wales mu 1967, ndipo zotsalira zake zinachotsedwa mu 1973.

Pofika nthawi imeneyo linali litabereka kale ana m'maiko amene Britain ankalamulira. Ku Canada chilengezo choterechi chidakali m'malamulo mpaka lero, kungoti ola linafupikitsidwa kukhala mphindi 30. Kwa anansi athu nkhaniyi si yakutali. Malamulo a milandu amene atsamunda anaika ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia, komwe lero ndi Malawi ndi Zambia, anali ndi ndime yofanana: anthu 12, mkulu wa boma, chilengezo chakuti abalalike mwamtendere. Ku Zambia nambala 12 ija idakalimo m'buku la malamulo, chilengezocho chikuperekedwa m'dzina la Pulezidenti. Koma pali chimodzi chimene sichinawoloke nyanja. M'malo mwa ola limodzi, malamulo a kunowa anangoti papite nthawi yokwanira, ndipo woyamba kuweruza kuti nthawi yakwana anali yemweyo wolamula mfuti.

Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa wa Nyasaland, Sir Robert Armitage, analengeza kuti dziko lili pangozi, ndipo usiku womwewo atsogoleri a chipani cha Nyasaland African Congress anagwidwa, kuphatikizapo Dr Hastings Kamuzu Banda. Ku Nkhata Bay ogwidwa anawakweza m'sitima ya pamadzi yotchedwa Mpasa. Khamu la anthu linatsikira kudoko kufuna abale awo. DC analilamula kuti libalalike, ilo linakana, ndipo asilikali anawombera. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Patrick Devlin linawerenga anthu 20 akufa pamalopo, mwa anthu 51 amene linati anaphedwa m'dziko lonse pa nthawi ya ngoziyo. Choncho kwa agogo ena a tsidya la malire, ndi kwa abale athu amene anapita kukagwira ntchito m'maiko a Angerezi, mwambo wa chilengezo chotsatiridwa ndi mfuti sunali chining'a. Kuno kwathu tinali pansi pa Portugal, wa malamulo ena ndi nkhanza zakezake, n'chifukwa chake Chipwitikizi chilibe mawu obadwira pa mwambo umenewu, ndipo mwana wathu alibe pogwira akakumana nawo koyamba.

Tsopano za kagwiritsidwe kake, poti n'zimene mukakumane nazo m'kalasi. Chiganizo chimamangidwa m'njira ziwiri. Wodzudzulidwayo angabwere pambuyo penipeni pa mneni, monga "The head teacher read the boys the riot act", kapena kumapeto ndi kaliwu ka "to", monga "She read the riot act to the whole class". Kaliwu ka "the" sikachoka ndipo sikasinthidwa ndi "a", chifukwa lamulo lija linali limodzi lodziwika. Polemba chining'a kawirikawiri timagwiritsa ntchito zilembo zazing'ono. Mukaona Riot Act ndi zilembo zazikulu, nthawi zambiri akunena lamulo lenilenilo. Pali msampha wina wa katchulidwe umene ana ozolowera Chinyanja ndi Chipwitikizi amagweramo, poti ife timatchula mawu monga alembedwera. Nkhani ikakhala yakale, "read" amalembedwa chimodzimodzi koma amatchulidwa ngati "red", liwu la mtundu wofiira lija. Ndipo popeza chining'achi chimakonda kusimba zimene zachitika kale, katchulidwe kameneka ndiko kamamveka kawirikawiri.

Chofunika kwambiri kuposa galamala ndi kudziwa amene angawerengere mnzake. Majisitireti ndiye ankawerengera khamu, khamu silinkawerengera majisitireti, ndipo chining'achi chinasunga dongosolo limenelo. Chimachokera kumwamba kupita pansi: kholo kwa mwana, mkulu wa sukulu kwa ophunzira, bwana kwa antchito, dokotala kwa wodwala amene sakuleka fodya. Chikatembenuzidwa chimakhala nthabwala, monga mwana wamkazi wamkulu akawerengera bambo ake "riot act" chifukwa chokana kumwa mankhwala; kukoma kwake kuli pa kuona mwana atavala mkanjo wa majisitireti. Ndi mawu a pocheza ndi a m'nyuzipepala, choncho wophunzira asawaike m'kalata yopempha ntchito kapena yopita ku ofesi. Komanso si mawu a kadzudzulidwe kalikonse. Mwana akaiwala pensulo kamodzi n'kuuzidwa kuti mawa asaiwale, palibe "riot act" pamenepo. Pamafunika khalidwe limene lapitirira muyeso, ndi wamkulu amene waleza mtima mpaka watopa.

Pa Chipwitikizi tili ndi "passar um raspanete", "dar um sermão" ndi "puxar as orelhas". Onsewa akuyandikira, koma amayang'ana kumbuyo, pa cholakwa chimene chachitika kale, ndipo "sermão" amawonjezapo kutalika kwa ulaliki, pamene chilengezo chija chinali chachifupi. Chijeremani, chinenero cha Mfumu George mwiniwakeyo, chili ndi chining'a chake cha kuwerenga, "die Leviten lesen", chimene chimakumbutsa buku la Levitiko. Kumeneko wodzudzulidwa amamuwerengera malemba, pamene Mngerezi amamuwerengera lamulo la boma.

Pa Chinyanja tili ndi mawu ambiri, ndipo lililonse limagwira mbali yake. Kukalipira kumagwira ukali ndi phokoso, koma munthu akhoza kukalipa tsiku lonse osanena chimene chidzachitike mawa. Kudzudzula kumaloza cholakwa. Kukoka khutu kuli pafupi ndi "puxar as orelhas". Kuchenjeza ndiko kumayang'ana kutsogolo, koma pakokha n'kofatsa, poti timachenjezanso mlendo za dzenje la panjira. Liwu limene limandikopa ndi kulanga, chifukwa m'chinenero chathu lili ndi nkhope ziwiri: anamkungwi amalanga namwali ndi mawu, bwalo limalanga wolakwa ndi chindapusa, ndipo malangizo ndi chilango n'zapachibale. Chining'a cha Chingerezichi chili pakati penipeni pa nkhope ziwirizi, pamene kulanga kwa mawu kukutha ndipo kulanga kwinako kwaima pakhomo. Koma mukangolemba kuti "anawalanga", wowerenga adzamva kuti chilango chagwa kale, choncho pomasulira ndimalisiya.

Chimene ndimasankha ine ndi kuphatikiza mawu awiri: "anawadzudzula n'kuwachenjeza komaliza". Pokamba pakamwa ndimakonda mmene amayi athu amanenera, kuti "anawauza kuti aka kakhale komaliza". Ana amene amadziwa mwambi wa wosamva amene anamva nkhwangwa ili m'mutu amagwira msanga mukawauza kuti "riot act" ndi mawu aja amene wosamvayo anauzidwa nkhwangwa isanatsike. Mukafuna kuona ngati amvetsa, apatseni nkhani ziwiri. Yoyamba, mkulu wa sukulu waitana anyamata othawa m'kalasi n'kuwauza mwaukali kuti akadzabwereza aitanitsa makolo ndipo mayeso salemba. Yachiwiri, wawapatsa kale makalata owachotsa sukulu. Afunseni kuti ndi iti mwa ziwirizi imene Mngerezi anganene kuti "he read them the riot act". Yankho ndi yoyambayo. Pa yachiwiri Mngereziyo amangoti "he expelled them".